Kalabu ya sayansi ya Loweruka ku Leicester: zimene mapaundi anga anagula

Kapepalako kanabwera m'chikwama cha chisamba changa katapindidwa kanayi, kali ndi dontho la juwisi pakona. Pamwamba panalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti kalabu iyi imakonzekeretsa ana kulandira mphoto za sayansi za dziko lonse, ndipo m'munsi munali mawu ena okoma onena za khomo la yunivesite. Ine n'kuti nditangoweruka kumene shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, maso ali psuu. Ndinakawerenga chiimire m'khichini, jekete ndisanavule, ndipo mawu oti "dziko lonse" aja anandilowa mpaka m'mafupa.

Mundimvetse. Ine ndinakulira ku Thyolo, ndipo sekondale yanga inali ya CDSS, kumene Physical Science tinkaiphunzira pa bolodi. Aphunzitsi ankajambula botolo ndi choko, n'kujambulanso utsi ukutuluka, ife n'kumakopera. Zida zenizeni ndinazigwira tikuyandikira mayeso a MSCE, manja akunjenjemera kuopa kuswa za boma. Ndiye mwana wanga wamkazi, amene nthawi imeneyo anali mu Year 10, atanena kuti "Adadi, ndikufuna ndizipita kumeneku," sindinafunse zambiri. Ndinangofunsa mtengo.

Mtengo wake unali mapaundi 12 Loweruka lililonse, maola awiri, kulipiriratu teremu yonse ya masabata khumi. Musawasinthe kukhala makwacha, mudwala mutu. Kalabuyi imakumana m'holo ya tchalitchi china chakumbali ya Narborough Road, ndipo mwini wake ndi mayi wina wachikulire amene anaphunzitsa Chemistry ku sekondale mpaka kupuma pantchito. Amathandizidwa ndi anyamata awiri a ku yunivesite. Dzina la kalabuyi ndi la mayiwo sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene m'munsimu n'zowawa, ndipo ndi munthu amene ndimakumana naye m'basi. Mwana wanga wapitako materemu atatu, kotero ndikulankhula zimene ndaona ndi maso, osati zomva.

Tsiku loyamba ndinapita ndi envulopu yanga yabulauni ija. Aliyense wobwera kuno ku UK ali nayo yake: mapasipoti, mapepala a viza, kalata yotsimikiza pokhala, lipoti la kusukulu. Tinazolowera kuti khomo lililonse m'dziko muno limayamba lafunsa kuti ndiwe yani ndipo unalowa bwanji. Nkhawa yanga yaikulu inali yoti mwanayu, pokhala ndi pasipoti ya Malawi, adzagwira ntchito chaka chonse kenako n'kuuzidwa kuti mphotozi ndi za eni nthaka. Ndinayala zonse patebulo. Mayi aja anayang'ana mapepalawo, n'kundiyang'ana ine, n'kuwakankhira kwa ine pang'onopang'ono ndi zala ziwiri. "Bambo, bwezerani m'thumba zimenezi zingatayike. Pano ndikufuna kudziwa zinthu zitatu: ali ndi zaka zingati, amaphunzira sukulu yamtundu wanji, ndipo ali ndi maola angati oti apereke."

Mphindi makumi awiri zotsatira ndizo ndinganene kuti zinabweza ndalama ya teremu yoyamba. Anatenga pepala n'kulemba mzere pakati. Mbali imodzi analemba CREST, mbali ina Big Bang, n'kunena kuti makolo ambiri amasokoneza ziwirizi ngati chinthu chimodzi pamene zimasiyana ngati mayeso ndi mpikisano wothamanga.

CREST Awards amayendetsa ndi bungwe la British Science Association, ndipo anayamba mu 1986. Si mpikisano. Mwana sapikisana ndi mnzake aliyense. Ntchito yake ikafika pa muyezo, satifiketi ndi yake, kaya ena chikwi afikanso pomwepo. Ili ndi masitepe. Ana aang'ono osapitirira zaka 7 ali ndi Star, a zaka 7 mpaka 11 ali ndi SuperStar, ndipo pali Discovery, ntchito ya pagulu ya maola ngati asanu imene ambiri amaichita tsiku limodzi. Kenako pamabwera zitatu zimene makolo timazithamangira. Bronze ndi ya kuyambira zaka 11, maola ngati 10, ndipo amaiyesa ndi mphunzitsi yemweyo amene akuyang'anira mwanayo. Silver ndi ya kuyambira zaka 14, maola 30. Gold ndi ya kuyambira zaka 16, maola 70. Ziwiri zomalizazi zimatumizidwa pa intaneti kwa oyesa akunja amene sanamuonepo mwanayo, ndipo sadziwa kuti ndi wanzeru m'kalasi kapena ayi. Amangoona zimene zalembedwa.

Mwana wanga, magazi a amayi ake, analoza Gold pomwepo. Mayi aja sanaseke. Anamufunsa zaka, iye nati 14. Anamufunsa ngati anayamba wachitapo kafukufuku wa iye yekha kuchokera pa funso mpaka pa lipoti, iye nati ayi. "Ndiye tiyambira Silver, ndipo udzandithokoza." Ine mumtima ndinadandaula pang'ono, poti pa kapepala kaja mawu oti Gold ndiwo anali aakulu kuposa ena onse. Koma lero ndikaona m'mene maola 30 anatikhetsera thukuta nyumba yonse, ndimati mayiwa anatipulumutsa. Maola 70 pamwamba pa ntchito ya GCSE, mayeso a kusekondale a kuno, akanatha ndi misozi.

Chimene sindinkachidziwa n'komwe ndi chakuti oyesawo ali ndi mfundo 15 zimene amayang'ana, ndipo ntchito imayenera kukwaniritsa zosachepera 11. Mayi aja anazisindikiza papepala limodzi n'kuuza mwana aliyense kuti alimate mkati mwa chikuto cha kope lake. Ndinaliwerenga usiku wina kuntchito okalamba anga atagona, ndipo ndinadabwa kuti palibe mfundo yonena kuti mwana atulukire chinthu chatsopano, kapena kuti zotsatira zake zikhale zimene ankayembekezera. Zimene zilimo ndi monga izi: kodi cholinga chake ndi chomveka ndipo anachigawa m'tizigawo, kodi anaganizirapo njira zingapo asanasankhe imodzi, ndipo anganene chifukwa chimene anasankhira imeneyo, kodi anawerenga zimene ena anachita kale n'kuwatchula, kodi anaganizira za ngozi, atakumana ndi vuto anatani, akanati ayambirenso akanasintha chiyani. Kunena mwachidule, amafuna kuona mapazi a mwana m'njira yonse, osati kumupeza atakhala kale pamwamba pa phiri.

N'chifukwa chake kope lija mayiwa amalitenga ngati Baibulo. Loweruka lililonse, mwana asanakhudze chida chilichonse, amatsegula kope n'kuonetsa zimene walemba m'sabatamo: tsiku, maola, chimene anachita, chimene chinakanika. Wobwera ndi kope lopanda kanthu amakhala pakona n'kulemba kaye anzake akusewera ndi zida. Mwana wanga anakhalapo pakonapo kawiri. Ulendo wachiwiri anabwera kunyumba atatupa, nati mayi aja ndi ankhanza. Amayi ake anangoti, "Akanakhala ankhanza bwenzi akungolandira ndalama za adadi ako n'kumakusekerera."

Tsopano za pulojekiti yeniyeniyo, poti apa ndi pamene ndinaona luso la mayiwa. CREST imalola mitundu ingapo ya ntchito: kuyesa chinthu ndi manja, kupanga chipangizo, kufufuza m'zolembedwa, kapena kufotokozera anthu nkhani ya sayansi. Ana ambiri m'holomo ankafuna za maroboti ndi za mlengalenga, mwina poti National Space Centre ili mumzinda momwemo. Wanga analibe ganizo. Mayi aja anamuuza kuti akafunse akuluakulu kunyumba vuto limene ankakumana nalo ali ana. Anandifunsa tikudya nsima, ine n'kutchula madzi: m'mene mtsinje unkafiirira nthawi ya dzinja, ndi m'mene azakhali anga a ku Chikwawa ankanenera kuti njere za cham'mwamba zimagwetsa matope pansi pa ndowa. Ndinangonena ngati nthano. Loweruka lotsatira mwanayo anabwera akuthamanga. "Adadi, mumadziwa kuti anthu a University of Leicester anakayesa zimenezi kwanu ku Thyolo?"

Sindinkadziwa. Koma n'zoona: m'zaka za m'ma 1990 akatswiri a yunivesite ya mumzinda uno anayesa ufa wa njere za cham'mwamba pamalo oyeretsera madzi ku Thyolo, pofuna kuona ngati ungalowe m'malo mwa aluminium sulphate, mankhwala amene amachita kuitanitsa kunja. Ine n'kuti ndili mnyamata m'boma lomwelo, ndikumwa madzi osadziwa kuti pali azungu a ku Leicester akusinja njere chapafupi. Mayi aja ndiwo anamuonetsa mwanayo kafufuzidwe ka zolemba zoterezi, ndi kalembedwe kake m'lipoti kuti asaoneke ngati wakuba nzeru za eni.

Kulakwitsa koyamba kunali kwanga. Ndinapita ku Belgrave Road, kumene masitolo a amwenye amagulitsa zitheba za cham'mwamba zazitali zobiriwira zophikira, ndipo ndinagula mtolo wonse monyadira. Titazing'amba tinapeza njere zanthete, zofewa ngati nandolo wamuwisi. Zofunika ndi njere zokhwima, zouma, zimene umachotsa khungu n'kutsala ndi kamtima koyera. Zithebazo tinadyera nsima masiku atatu, ndipo njere zoumazo tinaitanitsa pa intaneti. Ndinauza mwanayo kuti zimenezi asalembe, n'zochititsa manyazi. Mayi aja atamva anati alembe zonse, tsiku ndi mtengo womwe, chifukwa limenelo ndi vuto limene anakumana nalo n'kulithetsa, ndipo ndi imodzi mwa mfundo 15 zija. Manyazi anga anasanduka malikisi.

Vuto lachiwiri linali lalikulu. Tinakatunga madzi mumtsinje wa Soar cha ku Abbey Park, titavala magolovesi monga mayi aja analamulira, poti madzi a m'mitsinje ya kuno amatha kukhala ndi matenda ochokera ku mkodzo wa makoswe. Mwanayo anasinja njere mu kamtondo ka amayi ake ka adyo, anasefa, anasungunula ufawo m'madzi oyera, anathira m'mabotolo, anatakasa mwamsanga kenako pang'onopang'ono, n'kudikira ola lathunthu. Palibe chinachitika. Botolo lothira ndi losathira ankaoneka chimodzimodzi, mwinanso lothiralo linkaoneka loyererako ngati mwagwera dontho la mkaka. Analira. Anati azakhali anga ankanama.

Mayi aja sanamupatse yankho. Anamufunsa kuti madzi a ku Chikwawa a nthawi ya mvula ndi madzi a mu Soar amasiyana bwanji. Anamutuma kwa ine, ine n'kuti a kwathu amakhala ngati tiyi wamkaka, sungaone chala chako ukachiviika. Apo mwanayo anatulukira yekha zimene ofufuza anapeza kalekale, kuti cham'mwamba chimagwira bwino ntchito m'madzi a matope ambiri, koma m'madzi oyera kale sichioneka mphamvu. Tinthu ta dothi toyandama m'madzi tili ndi mphamvu ya negetivi, choncho timakankhana n'kumangoyandama osakhazikika. Mapulotini a m'njeremo ali ndi pozitivi, amatikoka n'kutimanga timagulu tolemera, timaguluto n'kumira. Ngati dothi ndi lochepa, palibe choti chimangidwe. Njira yake inali kupanga madzi amatope athuathu pogwiritsa ntchito dothi loyera lotchedwa kaolin, muyezo umodzimodzi botolo lililonse, kuti kuyerekeza kukhale kwachilungamo.

Loweruka limene zinatheka ndinalipo, ndipo sindidzaiwala. Mabotolo asanu ndi limodzi anandandalikidwa pawindo la holo, loyamba losathira ufa, enawo ufa ukuchulukirachulukira. Patapita mphindi zochepa, m'botolo lachitatu munayamba kuoneka timibulu ngati mkaka ukamadula, tikutsika pang'onopang'ono, pamwamba pakuyera. Poyeza anagwiritsa ntchito chubu cha pulasitiki choonekera mkati chokhala ndi X wakuda pansi pake: umathira madzi mpaka X asowe, n'kuyeza kutalika kwa madziwo ndi rula. Madzi osathira kanthu, X ankasowa madzi asanafike utali wa chala. A botolo lachitatu anatsala pang'ono kudzaza chubu X akuonekabe. Koma botolo lomaliza, limene linalandira ufa wambiri kuposa onse, linali lodera kuposa lachitatu lija. Kuchulukitsa kumaononga. Mwanayo anayang'ana mayi aja kudikira kuti amuuze chifukwa, iwo anangomulozera kope.

Pa nkhani ya ngozi mayiwa sanyengerera. Mwana wanga ankafuna kuyesanso ngati njerezo zimapha tizilombo, zomwe zikanafuna kumeretsa mabakiteriya m'timbale. Anakaniratu, nati zimenezo si za m'khichini kapena m'holo ya tchalitchi, zimafuna labotale yeniyeni. Analamulanso kuti m'lipoti mulembedwe momveka kuti madzi oyera m'maso si madzi abwino kumwa, ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini. Fomu yofotokoza ngozi zimene zingachitike anaibweza kawiri chifukwa mwanayo anaiwala kutchula mng'ono wake wa zaka 8, amene akanatha kumwa za m'mabotolo aja poyesa ndi thobwa.

Mpaka apa mukhoza kuganiza kuti ndalipidwa kuti ndiwatame. Ayi, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere yoyamba ndi kapepala kaja. Kanalembedwa mochenjera kuti kholo liganize kuti satifiketi imeneyi imawonjezera mapointi a UCAS, amene mayunivesite ena a kuno amawerengera posankha ophunzira. Siwonjezera. Chimene mwana angachite ndi kuitchula pofotokoza za iye mwini m'fomu yofunsira malo, ndiponso ntchitoyo ikhoza kuwerengedwa pa gawo la luso la Duke of Edinburgh's Award, mphoto ina ya achinyamata ya kuno. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma si mapointi. Nditawafunsa maso ndi maso mayi aja anavomera mosabisa, nati kapepalako analemba ndi mwana wa mchemwali wawo. Chabwino, koma chaka chatha ndipo kakugawidwabe momwemo. Ndikudziwa banja lina la ku Zimbabwe limene linalipira materemu awiri likukhulupirira za mapointizo.

Yachiwiri ndi ndalama. Malipiro olembetsera ku CREST ndi apadera, ndipo si ambiri, koma palibe anatiuza poyamba kuti sali m'kati mwa mapaundi 12 aja. Zipangizo nazonso tinkagula tokha. Ma Loweruka awiri holo inatengedwa ndi ukwati ndi maliro, kalasi inalephereka, ndipo uthenga unabwera pa WhatsApp Lachisanu usiku ine ndili kale kuntchito nditasinthanitsa shifiti kuti ndimuperekeze mwana. Ndalama za masiku amenewo sizinabwezedwe; anati adzawonjezera tsiku lina, tsikulo mpaka lero. M'nyengo yozizira holoyo imazizira ngati mochare, ana amalemba atavala magolovesi.

Yachitatu ndi mmodzi wa anyamata othandiza aja. Ndi mwana wabwino, waulemu, koma ali ndi dzanja lofulumira. Mwana akamavutika kupanga chiganizo, iye amatenga laputopu n'kumulembera. Ndime ina m'lipoti la mwana wanga inatuluka ndi Chingerezi choti ngakhale mwini lipotiyo sankatha kundimasulira. Mwamwayi mayi aja anaigwira powerenga komaliza, anaidula yonse n'kumuuza kuti alembe m'mawu ake ngakhale akhale osakoma. Pa Silver mwana aliyense amadzaza fomu yakeyake yolozera oyesa tsamba limene mfundo iliyonse ikupezeka, ngakhale ntchitoyo ikhale ya pagulu, ndipo mwana amene analemberedwa amaonekera pomwepo. Koma ana m'holomo ndi oposa khumi ndi asanu, mayiwa ndi mmodzi. Sindikhulupirira kuti amagwira zonse.

Chimene chinandipweteka kwenikweni chinachitika pa Big Bang. Uwu ndiye mpikisano weniweni, woyendetsedwa ndi EngineeringUK, ndipo opambana amalengezedwa pa chionetsero cha Big Bang Fair ku malo a zionetsero a NEC mu Birmingham, kumene kumatuluka UK Young Scientist of the Year ndi UK Young Engineer of the Year. Kulowa n'kwaulere, pa intaneti, mwana payekha kapena pagulu, ndipo ntchito yomwe ija ya CREST ukhoza kuilowetsanso kuno. Ndi wa ana a zaka 11 mpaka 18 okhala mu UK, amene amaphunzira m'sukulu zoyendetsedwa ndi ndalama za boma, kapena ophunzira kunyumba, kapena olowa kudzera m'gulu la m'dera. Ana a sukulu zapulaiveti amaloledwa pokhapokha akagwirizana ndi anzawo a sukulu za boma. Lamulo limeneli ine ndinalikonda nditalimva, chifukwa kamodzi kokha mwana wa wosamalira okalamba ndiye anali pamzere wakutsogolo.

Kutatsala masabata atatu kuti tsiku lotseka la mu Malichi lifike, mayi aja anandiitanira pambali. M'kalabumo munali mnyamata wa sukulu yapulaiveti amene makolo ake analipira kuyambira Sepitembala ndi cholinga cha Big Bang yomweyo, ndipo zikuoneka kuti palibe anawachenjeza msanga za lamulo lija. Pempho linali loti dzina lake liwonjezedwe pa ntchito ya mwana wanga kuti akhale gulu. Analankhula mwaulemu, nati mnyamatayo ndi katswiri wa ma graph, athandiza kukongoletsa. Ine pakamwa panauma. Kwathu timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo kukana munthu wamkulu amene wathandiza mwana wako si chinthu chapafupi kwa munthu woleredwa ngati ine. Ndinati ndikaganize.

Kunyumba amayi ake sanaganize n'komwe. "Pamene ankalira ndi madzi a mu Soar mnyamatayo anali kuti?" Tinamufunsa mwini wake. Anakhala chete kanthawi, kenako anapita kukatenga kope lake, n'kulitsegula patsamba loyamba, n'kuyamba kutembenuza masamba mmodzimmodzi patsogolo pathu osanena kanthu. Masamba onse anali dzanja limodzi. Loweruka ndinakawauza mayi aja kuti pepani, sizitheka. Anavomera, sanasinthe nkhope kwa mwanayo ngakhale pang'ono, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti anabweza ndalama zina kwa makolo a mnyamata uja. Komabe chinthucho chinandikhala pamtima. Munthu yemwe anandiphunzitsa kuti oyesa amafuna mapazi a mwana mwini, ndi yemweyo anandipempha kuti tiike mapazi a wina m'njira imene sanayendemo. Ndipo vuto lonselo likanapeweka akanafunsa makolo aja funso lachiwiri lija, loti mwana amaphunzira sukulu yamtundu wanji, tsiku loyamba, monga anandifunsira ine. Akanati agwirizanitse ana awiriwa kuyambira pachiyambi, bwenzi palibe cholakwika, poti n'zimene lamulolo likufuna.

Zotsatira zake: kope linatseka ndi maola 38. Lipoti mayi aja analibweza katatu lisanatumizidwe, ulendo womaliza chifukwa chakuti mwanayo analemba kuti sakanasintha kanthu akanayambiranso. Anamuuza kuti palibe wasayansi amene amanena zimenezo, ndipo anakhala naye mpaka anavomera kuti botolo lililonse akanaliyesa maulendo ochuluka, osati atatu okha, ndiponso kuti chubu cha X chimadalira maso a munthu ndi kuwala kwa tsikulo. Silver inabwera, pamodzi ndi ndemanga za woyesa zimene mwanayo anaziwerenga mwina kakhumi. Ku Big Bang analowa yekha ndipo sanafike m'gulu la omaliza. Anakhumudwa masiku awiri, lachitatu anayamba kufunsa za Gold.

Kodi ndingalangize mnzanga kuti alipire? Zitengera mwana wanu ndi sukulu yake. Yambani mwafunsa kusukulu, chifukwa sukulu zambiri za sekondale zili ndi kalabu ya sayansi yaulere ikaweruka sukulu, ndipo mphunzitsi akhoza kulembetsa mwana ku CREST popanda inu kupereka mapaundi 120 pa teremu. Malamulo onse ndafotokozawa ali poyera pa intaneti, palibe chinsinsi chimene kalabuyi ikugulitsa. Ine ndinalipira chifukwa kusukulu ya mwana wanga mphunzitsi amene ankayendetsa zimenezi anachoka, ndipo ine ndi amayi ake timasinthana pakhomo ngati alonda, wina akulowa wina akutuluka. Panalibe woti akhale naye pansi n'kumufunsa kuti "chifukwa chiyani?" kasanu motsatizana mpaka ayankhe zomveka. Ngati inu muli ndi nthawi ndi mtima umenewo, Bronze mukhoza kuiyendetsa ndi thandizo lochepa. Ngati mulibe, ndipo mwana wanu ndi woti akhoza kupirira munthu wosanyengerera, mayiwa ntchito amaidziwa. Koma musanapereke khobidi, funsani kuti malipiro olembetsera ndi zipangizo zili m'kati kapena ayi, funsani chimene chimachitika kalasi ikalephereka, ndipo nenani mtundu wa sukulu ya mwana wanu ngakhale asakufunseni. Safunsa anadya phula.

Ife tapuma kaye mpaka chisamba chithane ndi GCSE. Za Gold tidzaziona akadzalowa sixth form, zaka ziwiri zomaliza za sekondale, ndipo ndamuuza kale kuti maola 70 amenewo mtondo wa adyo adzagule wake. Mzime uja, amene anatchulidwa m'fomu ya ngozi, ndiye wayamba SuperStar kusukulu kwawo, kwaulere. Sabata yatha anabwera ndi kabuku kakang'ono komatamo masitika akamaliza ntchito iliyonse, ndipo anandiuza monyadira kuti kabukuko amakatcha pasipoti. Wakaika m'envulopu yanga yabulauni ija, pamodzi ndi enawo, ndipo akuti ndisakatulutse popanda kumupempha.